Mmene mungasandutsire chipinda cha m'nyumba kukhala malo a iguana kapena chokwawa china chachikulu

Iguana, buluzi wamkulu wodya masamba, akakhala mwana amapusitsa anthu ambiri. Kamakhala kakang'ono kobiriwira bwino, kokwana pachikhatho, ndiye munthu umangokaika mu kabokosi kagalasi nkumati basi nkhani yatha. Koma pakangotha zaka zitatu zinayi amakhala atafika mita imodzi ndi theka kuyambira kumutu mpaka kunsonga ya mchira, wamphongo wokula bwino amayandikira mamita awiri, ndipo akasamalidwa bwino amakhala nanu zaka 15 mpaka 20. Wanga ine ndinadzamuona tsiku lina mphuno itanyuka, magazi atauma pamwamba pa mlomo chifukwa chokhulakhula pagalasi kufuna potulukira, zinandipweteka mumtima ndithu, ndipo sabata yomweyo ndinayamba kutulutsa katundu mu chipinda china kuti chikhale chake. Zomwe ndalemba apazi ndatsamira kwambiri pa iguana poti ndi amene ndimamudziwa, koma pena ndi pena nditchulako ng'azi, tegu (buluzi wina wamkulu wa ku South America), nsato ndi fulu wamkulu poti zofuna zawo zimasiyana.

Chimodzi choti mugwire pachiyambi pomwe, matabwa ndi chitseko ndi gawo laling'ono la ntchitoyi. Ntchito yeniyeni ili pa kutentha, kuwala ndi chinyezi, chifukwa chokwawa thupi lake silipanga lokha kutentha ngati lathu, chimadalira malo amene chili kuti chigaye chakudya, chilimbane ndi matenda, olo kungoyenda kumene.

Musanagule msomali ndi umodzi womwe

Fufuzani kaye ngati lamulo la komwe mukukhala limalola kusunga nyama imeneyo. Iguana wobiriwira, ng'azi zonse ndi nsato zili pa mndandanda wa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire lomwe linasainidwa ku Washington mu 1973, ndiye kuziwolotsa malire a dziko kumafuna mapepala. Malo ena anachita kuletseratu, mwachitsanzo ku Florida, ku America, kuyambira 2021 munthu sangagule iguana wobiriwira kapena tegu kuti aziweta pakhomo, chifukwa zomwe zinathawa ndi zomwe anthu anataya zitawakulira zinaswana kutchire nkuyamba kuononga. Ndipo chonde musakagwire nyama kutchire, pezani yobadwira kwa woweta amene ali ndi chilolezo. Ngati nyumba ndi ya lendi lankhulani ndi alandilodi poyera kuti mukufuna kubowola khoma ndi kuika paipi, asadzangoona zitachitika kale. Pezaninso dotolo wa ziweto amene amaziwonadi zokwawa, si onse, ndipo ndi bwino kumudziwa nyama isanadwale.

Palinso nkhani ya anthu a m'nyumbamo. Zokwawa zambiri zimakhala ndi tizilombo ta Salmonella m'matumbo izo zili bwinobwino osadwala, koma munthu timamutsegulitsa m'mimba koopsa. Bungwe la CDC ku America limalangiza kuti ana osakwana zaka 5, okalamba ndi anthu omwe chitetezo cha m'thupi chinatsika asamagwire zokwawa. Ngati muli ndi mwana wakhanda m'nyumba, ganizani kawiri, mwina dikirani kaye akule.

Kusankha chipinda

Yezani poganizira nyama itakula, osati mmene ilili lero. Kwa iguana wamkulu anthu ambiri oweta amatenga mamita 3.6 mulitali, 1.8 mulifupi ndi 1.8 kupita m'mwamba ngati poyambira, ndipo msinkhu wopita m'mwambawo ndi wofunika zedi poti iguana kwawo ku Central ndi South America amakhala m'mitengo, akakhala pamwamba pa mutu wanu mpamene mtima wake umakhala m'malo. Ng'azi ndi tegu zimafuna pansi potakasuka ndi dothi lakuya loti zikumbe, masentimita 60 kapena kuposa. Fulu wa mtundu wa sulcata amatha kupitirira makilogalamu 40 akakula ndipo amakankha chilichonse ngati thilakitala, ndiye khoma la m'munsi likhale la njerwa kapena thabwa lochindikala. Nsato nkhani yake yaikulu ndi kuthawa, tifikako.

Chipinda chisakhale chogundizana ndi khitchini, ndipo ngati nkotheka chikhale pafupi ndi pomwe pali madzi ndi paipi yotayira madzi oipa, mudzandithokoza chifukwa kunyamula zidebe za madzi a zitosi kudutsa pabalaza tsiku ndi tsiku kumatopetsa ndiponso kumamwaza tizilombo tija. Windo lalikulu loyang'ana kudzuwa musalione ngati mwayi, galasi limatchinga UVB, kuwala kwa dzuwa kosaoneka ndi maso komwe nyama ikufuna, koma limalowetsa kutentha, masana chipinda chimatha kusanduka uvuni nyama nkusowa kothawira. Ngati chipinda chili pamwamba pa nyumba yosanja kapena pansi pake ndi pa matabwa, werengani kulemera, lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye dziwe la malita 300 ndi makilogalamu 300 pamalo amodzi tisanawerengere dothi lonyowa ndi miyala. Apa itanani mmisiri wodziwa za zomangamanga aone kaye.

Kutchinga madzi, apa ndi pomwe ine ndinalakwitsa

Ulendo woyamba ndinakhoma pulayiwudi kuzungulira khoma nkupaka penti wamba wa m'nyumba kawiri, zinkaoneka bwino kwambiri. Patatha miyezi isanu ndi umodzi ndinayamba kumva kafungo kachinyontho pakhomo pomwe, nditasuntha chipika chomwe chinali pakona ndinapeza thabwa lafufuma, chala chikulowa ngati mu siponji, kuseri kwake chuku chakuda chitayala khoma lonse mpaka kuyamba kuonekera mu chipinda chinacho. Ndinachita kuphwasula zonse, iguana nkubwerera mu malo opanikiza kwa mwezi wathunthu. Ndiye mverani, chipinda chomwe chizikhala chofunda ndi chonyowa chaka chonse muchitenge ngati bafa.

Tulutsani zonse, kapeti, makabati, makatani. Pansi pakhale potsetsereka pang'ono kulowera pa dreni kuti mukamatsuka ndi paipi madzi azipita okha. Mutha kuika matailosi, kapena kupaka epoxy (mtundu wa penti yolimba yosalowa madzi), kapena kuyala pulasitiki yochindikala ija amayala m'madziwe a nsomba, chilichonse chomwe mwasankha chikwere khoma masentimita 30 kapena kuposa kuti pansi ponse pakhale ngati beseni limodzi lopanda podontha. Ngati muika dothi lakuya ndiye chikwere kupitirira pomwe dothi lidzalekezere. Khoma lotsalalo ndi siling'i pakaninso chinthu chosalowa madzi, ndipo thabwa lililonse mulipake mbali zonse kuphatikizapo m'mphepete modulidwa muja, poti madzi amalowera momwemo. M'makona ndi molumikiza matani silikoni, koma ikhale ija yogwiritsa ntchito pa matanki a nsomba, ya kubafa nthawi zambiri amaithira mankhwala opha chuku ndipo siyabwino kwa nyama. Ngati komwe muli kumazizira, ikani zotchinga kuzizira mkati mwa khoma musanatseke, apo ayi mababu adzangoyaka osapuma kutenthetsa khoma la panja.

Mukamaliza kupaka siyani chitseko ndi mawindo zotsegula masiku angapo, kenako yatsani zotenthetsa, chifukwa fungo lomwe limaoneka ngati latha limadzabweranso chipinda chikafunda. Mphuno yanu ikamamvabe penti ndiye kuti sichinakonzeke.

Magetsi

Apa musachite nokha, itanani wamagetsi wodziwa ntchito. Madzi ndi magetsi zikhala m'chipinda chimodzi, ndiye laini yake ikhale ndi RCD ya 30 mA yomwe imadula yokha magetsi akayamba kuthawira kwina. Masoketi akhale kunja kwa chipindacho kapena pamwamba pomwe madzi opopera safika, mawaya onse adutse m'mapaipi, iguana amakwera waya wolendewera ngati nthambi ndipo amagwetsa babu lotentha. Phatikizani mawati a zinthu zonse mumuuze wamagetsiyo asanayambe, osadzalumikiza ma extension pamwamba pa ma extension. Ikaninso alamu ya utsi panja pa chitseko.

Chitseko, mipata ndi mpweya

Ngati malo alipo pangani zitseko ziwiri, mumalowa choyamba nkutseka kenako nkutsegula chachiwiri, motero nyama ikakuzembani pamiyendo imangothera pakati. Chamkaticho chikhale ndi galasi kapena kawindo kuti muzitha kuona pomwe ili musanatsegule, makamaka iguana wamphongo nthawi yofuna yaikazi amalusa, amakwapula ndi mchira ndipo amaluma. Loko akhale weniweni wa kiyi. Ng'azi ndi tegu ndi zochenjera, zimaphunzira kukankha chitseko chotsetsereka, ndipo nsato imayesa kona iliyonse ndi mphuno usiku wonse, pomwe mutu wake wakwana thupi lonse limatha kudutsa. Gwadani pansi ndi tochi muyang'ane kunsi kwa chitseko, mozungulira mapaipi, pa dreni, ndi pomwe khoma lakumana ndi siling'i.

Musatseke chipinda chonse kuti ndii pofuna kusunga chinyezi. Mpweya wosayenda, wonyowa, ndi umene umabweretsa chuku ndi matenda a m'mapapo. Bowolani polowera mpweya m'munsi ku mbali yozizira, potulukira m'mwamba ku mbali yotentha, mpweya wofunda umakwera wokha nkukoka watsopano, ngati sizikukwanira onjezerani kafani kotulutsa mpweya kupita panja osati m'denga. Pa mabowowo ikani waya wolimba wa timabowo ting'onoting'ono. Neti yofewa ya udzudzu zikhadabo zimang'amba tsiku limodzi, pomwe waya wa khola la nkhuku umadula zala ndi mphuno.

Kutentha

Chipinda chisakhale chotentha mofanana ponseponse. Mbali imodzi ikhale yowotherako, inayo yozizirirapo, nyama izisankha yokha. Kwa iguana pamalo owothera pakhale madigiri 35 kapena pang'ono kuposa, chipinda chonse masana 27 mpaka 30, usiku chisatsike kupitirira 23 kapena 24. Ng'azi zimafuna pamwala powothera potentha kwambiri kuposa apa, madigiri 50 ndi kupitirira, ndiye fufuzani za mtundu womwe muli nawowo osangokopera manambala a iguana.

Cholakwika chomwe ndimachiona kawirikawiri ndi babu limodzi lamphamvu kwambiri lowalira kamalo kakang'ono. Nyama yaikulu imakhala pansi pake, pamsana pokhapo nkumapsa thupi lina lonse likadali lozizira, ndiye siichokapo mpaka khungu kuwauka. Bola kundandalika mababu a halogen atatu kapena anayi a mphamvu yochepa kuti kutentha kufike thupi lonse kuyambira kumutu mpaka pomwe mchira wayambira. Mababu onse akhale m'kati mwa chotchinga chawaya kuti nyama isawakhudze, kwa njoka izi ndiye osakambirana poti imazenga chilichonse chofunda. Miyala ya magetsi yotenthetsa pamimba ija isiyeni, yawotcha nyama zambiri. Usiku kukhale mdima weniweni, ngati kukuzizira gwiritsani chotenthetsa cha ceramic kapena panelo yosatulutsa kuwala, mababu ofiira aja amasokoneza tulo.

Chotenthetsa chilichonse chidutse pa thermostat, kachipangizo kozimitsa ndi kuyatsa kokha malinga ndi kutentha, ndipo kachingwe kake koyezera mukamangirire pamalo pomwe nyama singakasunthe, kakangogwera pansi pozizira thermostat imaganiza kuti kukuzizirabe ndiye imangotenthetsa osaleka. Gulaninso kamfuti koyezera kutentha kaja mumangoloza, muziyeza pa nthambi penipeni pomwe nyama imagona, ndi ma thermometer a digito awiri, ina ku mbali yotentha ina ku mbali yozizira.

Kuwala kwa UVB

Kusowa kwa kuwala kumeneku ndiko kumapha ma iguana ambiri mwakachetechete. Khungu lawo likalandira UVB limapanga vitamini D3, ndipo popanda D3 thupi silingatenge kashiamu m'chakudya olo mutamupatsa masamba abwino bwanji. Thupi limayamba kukoka kashiamu m'mafupa, nsagwada zimafewa nkutupa, miyendo imanjenjemera, msana umapindika, mapeto ake nyama imangodzikwekweretsa. Madotolo amati metabolic bone disease, ndipo fupa likapindika silidzawongokanso ngakhale nyama itachira.

Babu wamba wa m'nyumba alibe UVB, olo awale bwanji. Pezani chubu chachitali cha T5 chopangira zokwawa, chokhala ndi chowalitsira kumbuyo kwake, muchiike pafupi ndi mababu otenthetsa aja kuti nyama ikamawothera izilandira zonse ziwiri pakamodzi ngati mmene dzuwa limachitira. Pakati pa chubu ndi nyama pasakhale galasi kapena pulasitiki, ndipo dziwani kuti waya wa timabowo tothithikana umachepetsanso mphamvu yake. Mtunda wake tsatirani zomwe opanga alemba pa bokosi, kuyandikitsa kwambiri kumapweteka maso, kutalikitsa kwambiri ndi chimodzimodzi osaika. Chinanso chomwe anthu sadziwa, chubu chimapitiriza kuwala koma UVB itatha kale, T5 imasinthidwa pakatha chaka pomwe chubu chonenepako cha T8 pakatha miyezi isanu ndi umodzi, ine ndimalemba deti ndi maka pa chubu pomwepo tsiku loika. Amene angakwanitse apeze Solarmeter 6.5, imakuuzani UV yomwe ikufika pa nthambi, simuchitanso kulota. Magetsi onse a masana muwaike pa tayima, maola 12 oyaka 12 ozima.

Ndipo poti chipinda ndi chachikulu onjezerani magetsi owala kwambiri a LED kuti chisakhale cha mdima ngati phanga, nyama ya masana imadya bwino ndi kuyenda bwino pakakhala powala.

Madzi ndi chinyezi

Iguana amafuna chinyezi cha pafupifupi 70 peresenti. Chikachepa amavutika kufundula, khungu lakale limatsalira pa zala ndi kunsonga ya mchira nkumanga ngati mphira mpaka chala kuuma nkuthothoka, komanso kukhala wouma nthawi yaitali kumaononga impso. Ikani hygrometer ya digito yoyezera chinyezi, muzipopera madzi m'mawa ndi madzulo kapena muike makina opopera okha pa tayima. Dziwe likhale loti nyama ikwanemo thupi lonse, losazama kwambiri, lokhala ndi potulukira posaterera. Dziwani kuti iguana ndi ng'azi zimakonda kuchitira chimbudzi m'madzi momwemo, ndiye madziwo muzisintha pafupifupi tsiku lililonse, nchifukwa chake ndikuti kunsi kwa dziwe muikeko kampopi kotulutsira madzi kupita ku dreni. Burashi, chidebe ndi magolovesi a m'chipindamo zikhale zake zokha, zisakafike pa sinki yotsukira mbale, ndipo mukatuluka sambani m'manja ndi sopo nthawi zonse.

Za mkati

Nthambi zikhale zonenepa kuposa thupi la nyama ndipo muzimange kukhoma ndi masikuluwu kapena mabawuti, osangotsamiritsa, iguana wa makilogalamu asanu akalumpha nthambi yosamanga imagwa naye. Ziikeni mopendeka osati chilili, ndipo m'mwamba mukhome mashelefu otakata awiri kapena atatu, imodzi pansi pa mababu, ina kumbali yozizira. Paini ndi cedar zosapaka kanthu muzipewe makamaka tizipalapala take, mafuta ake onunkhira aja amavutitsa mapapo. Pakhale pobisala mbali zonse ziwiri, nyama yosowa pobisala imakhala yamantha ndipo imasiya kudya.

Pansi pa iguana ine ndinasiya matailosi okha, savuta kutsuka, ndipo iguana amanyambita chilichonse ndiye mchenga kapena tizidutswa ta mitengo amameza nkutseka matumbo. Wamkazi amaikira mazira olo popanda wamphongo, ndiye mumukonzere bokosi lakuya la dothi lonyowa pang'ono loti akumbemo, akasowa poikira mazira amakakamira m'mimba ndipo zimafika pa opaleshoni. Zomera zamoyo iguana adzazidya basi, choncho musaikemo chilichonse chomwe simunatsimikize, oleander, azalea ndi dieffenbachia ndi poizoni. Siyaninso njira yoti inuyo mufike kona iliyonse mutaimirira, malo omwe mkono sufika sadzatsukidwa.

Yatsani zonse nyama isanalowe

Masabata awiri athunthu chipinda chiziyenda chopanda nyama. Tengani kope muzilemba kutentha ndi chinyezi m'mawa, masana, madzulo, ndipo kamodzi kapena kawiri dzukani cha m'ma 4 koloko m'bandakucha pomwe kumazizira kwambiri mukayeze. Apa mpamene mumazindikira kuti shelefu yayandikira babu kwambiri, kapena kuti madzi akudikha pakona osapita ku dreni, kapena siling'i ikuchita thukuta nkumadontha. Zimitsaniko dala magetsi ola limodzi kapena awiri muone kuti chipinda chikuzizira mwachangu bwanji, kuti mudziwiretu chochita tsiku lomwe adzazime mwadzidzidzi, kaya ndi jenereta, batire, kapena mabotolo a madzi ofunda okulunga mu thaulo ndi bokosi lotsekeka bwino.

Tsiku losamutsa iguana chitani m'mawa magetsi atayaka kale. Tengani nthambi imodzi kapena mbale ya m'malo ake akale muike m'chipindamo kuti apezemo fungo lomwe akulidziwa, mumuike pa shelefu ya m'munsi, mutuluke nkutseka. Musadabwe akakana chakudya masiku angapo kapena akada khungu nkumangokhala pakona imodzi, wanga anatha masiku anayi ali pamwamba penipeni akundiyang'ana ndi diso limodzi, tsiku lachisanu ndinamupeza atayala miyendo yonse pansi pa mababu, mbale ya masamba ili mbee. Sabata yoyambayo musamugwiregwire, muzingolowa nthawi yofanana tsiku lililonse kusintha madzi ndi kuika chakudya. Muziyang'ana pomwe akukhalitsa, akamangokhala kumbali yozizira kukamwa kuli yasa ndiye kuti kwatenthetsa, akamakakamira pansi pa babu tsiku lonse osasuntha ndiye chipinda chonse chazizira, sinthani thermostat pang'ono pang'ono digiri imodzi kapena awiri nkudikira tsiku. Koma mukamva akupuma mokhala ngati kaluzu, kapena muone thovu m'mphuno ndi kukamwa, kapena sabata ziwiri zikwane asanadye, pitani naye kwa dotolo uja, ndipo kope la manambala lija mulitenge.